Anandichotsa Lupu, Mudzi Wonse Unayamba Kudikira

Ndinaganiza zochoka ku Nkholongue chaka chimene chinangwa chathu chinawolera m'nthaka, usipa nawo utathawira kutali. Mwana wanga Latifa anali atangosiya kuyamwa. Msuweni wanga amene ankagwira ntchito ku Nampula anandiimbira telefoni kuti banja lina la amalonda likufuna mkazi wachisilamu wodziwa kuphika. Ndinauza amuna anga, a Amisi, ndikuganiza kuti akana. Anapitiriza kusoka ukonde wawo kanthawi ndithu, kenako anati, "Pitani, amake Latifa. Nyanja ikabweza mtima mudzabwera." Amene anakana ndi amayi anga, koma ankakana atabereka kale Latifa kumbuyo, ndiye ndinadziwa kuti kukanako n'kwapakamwa chabe.

Ku Nampula ndinkagona m'kachipinda ka kuseri kwa khitchini. Banjalo silinali loipa. Patrowa wanga, mayi wa pakhomopo, ankakalipa msanga n'kuiwalanso msanga. Chovuta chinali kusowa woyankhula naye. Msuweni wanga ankakhala kutali, ndipo anthu a pamsika ankayankhula Chimakua, ine n'kumangoloza ndi chala. Masiku ena ndinkazindikira kuti dzuwa lapendeka ndisanatchule liwu lililonse la Chinyanja, ndiye ndinkakalipira mapoto m'chiyankhulo chathu kuti lilime lisaume. Ndalama zinkangodutsa m'manja mwanga ngati madzi m'dengu. Zikalowa pakutha pa mwezi, tsiku lomwelo ndatumiza pa telefoni: za malata, za mankhwala a amayi, za kukonzetsa injini ya boti limene a Amisi ankagwiramo ntchito ngakhale silinali lawo. Kwathu telefoni inkagwira pamwala umodzi wokha wa kumtunda kwa mudzi. Amayi ankakwera pamwalapo ndi Latifa, n'kumuika telefoni kukhutu, iye n'kumangopuma. Ine ndinkamvetsera kupumako mpaka kredito ya m'telefoni itatha.

Lupu inabwera chonchi. Chibadwire Latifa, msambo wanga unkabwera ngati mtsinje wosefukira. Ndinkachita chizungulire, ndipo tsiku lina ndinagwa ndi mphika wa mpunga m'manja. Patrowa ananditengera kuchipatala. Dokotala wamkazi anandionetsa kanthu kakang'ono kapulasitiki, kosafika n'chala changa chaching'ono. Anati amakaika m'chiberekero, kamatulutsa mankhwala pang'onopang'ono, magazi amachepa, komanso kamaletsa mimba kwa zaka zingapo. Iwo kuchipatalako amati diu, ife timati lupu. Sindinavomere tsiku lomwelo. Ndinayamba ndaimbira a Amisi, ndipo mawu awo ndikuwakumbukira bwino chifukwa pambuyo pake mwiniwake anawaiwala. Anati, "Ngati kakuthandizani, ikitsani. Mimba panopa ingangotibweza m'mbuyo."

Kanandithandizadi. Magazi anachepa, kenako analekeratu, ndipo mphamvu zinabwerera m'thupi. Koma ndikabwera kumudzi pa feriya, tchuthi changa cha kamodzi pachaka, amayi ankandiyang'ana ndi diso la m'mbali. Kwathu mkazi akakhala kumwezi sathira mchere m'ndiwo, amapempha wina, ndiponso sapemphera swala. Ine ndinakhala mwezi wathunthu ndikuthira mchere ndekha, swala osadumpha. Tsiku lina tikuviika chinangwa, amayi anandinong'oneza akumwetulira.

"Iwe, ukundibisira chiyani? Yafika miyezi ingati?"

Nditawafotokozera za lupu, kumwetulira kunatha.

"Nanga magaziwo akupita kuti?"

"Sakupita kulikonse, amayi. Sakupangika n'komwe."

"Akuunjikana," anatero, n'kukankhira chinangwa m'madzi. Kuchokera tsiku limenelo palibe dokotala amene akanawasintha maganizo.

Ndinakhala ku Nampula mpaka Latifa atayamba sukulu n'kumatha kulemba dzina lake. Banja lija linaganiza zosamukira ku Maputo, ndipo patrowa anafuna kuti ndipite nawo. Ndinakana. Pa feriya yomaliza Latifa anali atandiitana kuti "mana", ngati mmene timaitanira mkulu wathu, pamene agogo ake ankawati amayi. Ndinaona kuti ndikapita ku Maputo ndidzabwera ngati mlendo wonyamula mphatso. Ndinkafunanso mwana wina, woti ndimuone ndekha akukwawa, akumera mano, akugwa n'kudzuka, zonse zimene kwa Latifa ndinangozimva pa telefoni.

Ndisananyamuke ndinapita kukachotsetsa lupu. Ndinkaopa, koma ndisanamalize kupuma kumene anandiuza kuti ndipume, anamwino anali atakanyamula kale m'mwamba kundionetsa. Anati, "Mukhoza kutenga mimba ngakhale mwezi wamawa. Ena amatenga msanga, ena amadikira chaka." Ine ndinamva mbali yoyamba yokha. M'sitima yopita ku Cuamba ndinkasankha kale mayina.

Tsopano ndikulemba izi ndili pakhonde la nyumba ya malata imene thukuta langa linafolera, ndipo ndikufuna ndinene mosabisa kuti miyezi ya kudikira mimba kwathu kuno inandilemera kuposa zaka zonse za ku Nampula. Kumeneko palibe amene ankandidziwa. Kuno aliyense ankandidziwa mpaka m'mimba.

Msambo unabwerera patapita milungu ingapo, wabwinobwino, wosasefukira ngati kale. Amayi anakondwa, akuti zounjikana zija zayamba kutuluka. Koma mwezi wotsatira unabweranso, ndi winawo, ndi winawo. Nthawi iliyonse ndinkaima pakhomo la khitchini n'kunena kuti, "Amayi, dzandithirireni mchere," iwo n'kubwera akukoka mapazi, kuthira mcherewo, n'kuusa moyo mokweza moti oyandikana nafe ankamva. Lachisanu ndikapanda kuoneka kumzikiti, pofika madzulo azimayi onse a kumadzi akudziwa kuti kwa amake Latifa mwezi unonso palibe. Ndinalibe chinsinsi ngakhale cha tsiku limodzi choti ndilire ndekha.

Ndiye mankhwala anayamba kubwera. Wina anabweretsa mizu yowawa yoti ndizimwera m'phala. Wina anati ndizigona miyendo ili pakhoma. Amayi anapita kwa shehe n'kubwera ndi madzi owerengeredwa m'botolo. Mayi wina amene sitinkapatsana ngakhale moni anandiimitsa panjira n'kundigwira pamimba, akuti pakuoneka pozizira. Ndinamwa zimene ndikanatha kumwa, kuti anthu asati ndikunyada ndi nzeru za m'tauni. Pakamwa panga pankangokhala powawa.

Woposa onse anali alamu anga a Mwanaisha, mlongo wawo wamkulu wa a Amisi, amene amagulitsa nsomba zouma pamsika wa Metangula. Iwowa sanong'ona. Anabwera tsiku lina a Amisi ali pakhomo, anakhala pamphasa, n'kuyamba ngati akuyankhula ndi mtengo wa mango.

"Chitsulo chimenecho chikakhala m'mimba zaka zonsezo chimachita dzimbiri. Chiberekero chinapsa chimenecho."

"Alamu, si chitsulo. N'kapulasitiki. Ndinakaona ndi maso anga."

"Ndiye pulasitiki ndi yabwino? Mwaionapo pulasitiki ikuwola m'munda?" Anatembenukira kwa mlongo wawo. "Amisi, ukukalamba ndi mwana mmodzi. Ku Maniamba kuli mtsikana, makolo ake ndimagulako chimanga. Akazi a kumapiri sachedwa. Chipembedzo sichikuletsa."

Ndinayang'ana amuna anga kuti anene kuti lupuyo tinagwirizana tonse awiri. Iwo ankatokosa pansi ndi kamtengo.

"Izi n'za azimayi," anatero. "Ine sindikuzidziwa bwino."

Ndinalowa m'nyumba ndisanalankhule mawu oti ndidzawapepesere chaka chathunthu. Atachoka alamu ndinawafunsa a Amisi ngati akufunadi mkazi wa ku Maniamba. Anati ayi. Ndinawafunsa chifukwa chake sanawauze alongo awo choncho. Anati munthu sakangana ndi wamkulu. M'mawa mwake anakwera boti n'kupita.

Miyezi itachuluka ndinapita ku chipatala cha ku Metangula, ndili wokonzeka kumva kuti alamu ananena zoona. Anamwino anali mtsikana wa ku Lichinga, wotopa, mzere wa azimayi uli mpaka panja. Anandipima, anandifunsa za msambo, n'kunena kuti sakuona chovuta chilichonse, ndipo lupu ikachoka mankhwala ake sakhalitsa m'thupi.

"Pasiyensiya, mana," anatero.

"Kupirira kwandikwana, anamwino. Ndipatseni china."

Anaseka pang'ono. Kenako anandifotokozera kuti masiku abwino otengera mimba amakhala chapakati, msambo wina utapita, wina usanafike. "Masiku amenewo muzikhala pamodzi ndi bambo pafupipafupi. Bambo amagona pakhomo?"

Ndinatsegula pakamwa kuti ndiyankhe kuti inde. Ndinatsekanso.

Pamene ndinali ku Nampula usipa unasiya kugwidwa pafupi ndi kwathu. Maboti anayamba kupita kumpoto, kupitirira Lunho, n'kumanga misasa kumeneko. Usipa amaukopa ndi nyali, ndiye umagwidwa kukakhala mdima. Mwezi ukawala asodzi amapuma, n'kubwerera kumudzi masiku ochepa. Ndipo msambo wanga, chibwerereni, unkafika nthawi yomweyo mwezi uli mbee kumwamba. A Amisi ankafika pakhomo ine ndili kumwezi, n'kuchoka ine nditangoyera. Masiku abwino amene anamwino ankanenawo, amuna anga ankakhala kutali, pakati pa amuna anzawo ndi maukonde. Miyezi ina sankabwera n'komwe, akuti injini yavuta, kapena mwera wakula.

Ndinatuluka m'chipatalamo ndikuyankhula ndekha ngati wamisala. Mizu yonse ija! Miyendo pakhoma! Mudzi wonse unkawerenga masiku anga, palibe ndi mmodzi yemwe amene anawerenga masiku a mwamuna. Ineyo mwiniwake sindinaganizeko, chifukwa kwathu mwamuna kukhala kumsasa sikuchoka, ndi ntchito basi.

Nditawauza amayi, anayamba atseka pakamwa ndi kapulana, chitenje chawo, kenako anakwiya.

"Ndiye ukufuna utani? Umutsatire kumsasa ngati mkazi wa pamsika?"

"Ndinapita ku Nampula kukasaka malata. Ndilephera kupita ku Lunho kukasaka mwana?"

"Anthu adzati chiyani?"

"Akunena kale, amayi."

Mwezi utayamba kuchepa kumwamba ndinakwera boti la amalonda okagula usipa. Msewu wa kumeneko, mvula ikagwa, ngakhale njinga yamoto imakana. Tinafika masana dzuwa likuswa mtengo. Msasawo unali mzere wa timisakasa ta udzu ndi mapepala apulasitiki, usipa utayanikidwa ponseponse, ntchentche, fungo la petulo. Amuna anali gonegone pansi pa mitengo ngati anthu ogwa pankhondo, chifukwa masana ndiye usiku wawo. Ndinadutsa ndikuyang'ana nkhope imodziimodzi mpaka ndinawapeza a Amisi atagona pa ukonde, malaya atafunda kumaso. Pafupi pawo panali kampoto kakuda kamene mwina sikanatsukidwe chiyambireni mdima. Ndinabwera ndi mawu ambiri okalipa. Nditaona kampotoko ndinakumbukira kachipinda kanga ka kuseri kwa khitchini, ndipo ena mwa mawuwo anandithawa.

Ndinawagwedeza phazi. Anadzuka modzidzimuka.

"Kwagwanji? Latifa?"

"Latifa ali bwino. Ndabwera ine."

Tinapita kukakhala pamwala patali ndi anthu. Ndinawafotokozera zonse zimene anamwino ananena, za masiku apakati, za mdima ndi kuwala kwa mwezi. Ndinkaganiza kuti aseka, kapena apumira m'mwamba kuti nkhani ndi yaing'ono chonchi. Sanaseke. Anayang'ana mapazi awo.

"Amake Latifa, injini sinkavuta nthawi zonse."

Ndinaganiza za mkazi wina, ndipo ndinayamba kuyang'ana kumisakasa kuja kuti ndione ngati pali amene akutisuzumira.

"Si zimene mukuganizazo," anatero. "Ndikakodza pamatuluka magazi. Papita nthawi. Ndili mnyamata zinkachitika, tonse tinkati ndi kukula. Koma tsopano zafika ndi kwina, mukundimva. Mnzanga wina anandiuza kuti likodzo likakhalitsa limapha mbewu. Ndiye ndikabwera kumudzi, amayi anu akuusa moyo, achemwali akukutukwanani, ine ndikudziwa kuti mwina ndine. Ndinkaona bwino kukhala kuno."

"Ndiye munangondisiya ndizimwa mizu?"

"Ndinkachita manyazi."

"Ine sindinkachita manyazi? Akundigwira pamimba panjira?"

Ndinawakalipira mpaka mawu anasasa, ndipo amuna ena ogona pafupi anadzuka n'kusamukira ku mitengo ina. Ndinawauza za telefoni ya tsiku lija, mawu awo enieni, "ikitsani". Ndinawauza kuti akanabweretsa mtsikana wa ku Maniamba, nayenso akanamwa mizu yomweyo, n'kutukwanidwa chimodzimodzi. Anamvetsera zonse. Nditamaliza anapita kukandigulira tiyi ndi mandazi kwa mayi wina wogulitsa zakudya, n'kundipatsa ndi manja awiri ngati ndine mlendo wolemekezeka. Ndinamwa tiyiyo ndidakali wokwiya.

Ndinakhala kumsasako mpaka mdima unatha. Mayi wa tiyi uja, wamasiye wa ku Lunho, anamvetsa nkhani yanga ndisanaimalize. Ankatisiyira kamsasa kake masana, iye n'kukakhala pa mbaula yake ngati mlonda. Asodzi onse ankadziwa. Ndikamadutsa ankatsokomola, ena kufunsa a Amisi ngati lero akwanitse kukoka ukonde. Ndinali nditasiya kale kusamala. Koma ndinawauza amuna anga kuti sindidzabweranso kumsasa ngati sapita nane ku chipatala chachikulu ku Lichinga.

Mwezi utawala tinakwera chapa, minibasi ya kwathu kuno, ku Metangula. Ku Lichinga kunkazizira, ndipo a Amisi anali atavala malaya opyapyala a kunyanja. Pabenchi podikirira panali azimayi okhaokha, ena ndi mimba zazikulu, ena ngati ine. Mwamuna anali yekha. Anakokera kofiya wake kumaso n'kukhala ngati mwala. Kawiri konse anati akufuna akagule madzi, ine n'kuwagwira malaya. Anatipima tonse awiri, ndipo tinagona kwa m'bale wathu kudikira zotsatira. Kwa ine sanapeze kanthu. Kwa iwo anapeza likodzo, n'kuwapatsa mapiritsi akuluakulu oti amwe atadya. Ndinafunsa dokotala ngati chimenechi ndicho chatilepheretsa. Anati mwina ndicho, mwina ndi kutalikirana, mwina ndi nthawi chabe, ndipo tibwerenso pakapita miyezi ingapo kuti adzapimenso bambo. Ndinafuna yankho limodzi loti ndikaponye pamaso pa anthu. Sanandipatse.

Mpaka lero mimba sinabwere, ndipo sindinama kuti ndazolowera. Mwezi uliwonse ndimakhumudwa mwatsopano. A Amisi anagwirizana ndi mwini boti kuti azibwera kumudzi masiku angapo pakati pa mdima, ngakhale gawo lawo la nsomba limachepa. Latifa wayamba kundiitana amayi, ngakhale akadwala amathamangirabe kwa agogo ake.

Ndili ku Nampula ndinkaganiza kuti ine ndekha ndi amene ndinachoka, ndipo kumudzi onse ali pamodzi akundidikira. Nditabwera ndinapeza kuti theka la mudzi wathu limakhala paulendo mwezi ndi mwezi, kumagona pa maukonde, kumadwala osauza munthu. Mkazi akachoka, chilichonse chimene chidzavute pambuyo pake amati anachitenga kumene anapitako. Mwamuna akachoka amati ali kunyanja, ndipo nkhani imathera pomwepo.

Tsiku limene tinkachokera ku Lichinga, tinatsika chapa pafupi ndi msika wa Metangula. A Mwanaisha anationa ali pa benchi lawo la nsomba, ndipo anasiya wogula ataimirira n'kubwera akupukuta manja. Azimayi anzawo anasiya malonda n'kutchera makutu.

"Nanga? Awapeza ndi chiyani alamu angawa? Si dzimbiri lija?"

Ndinakoka mpweya kuti ndiyankhe, koma a Amisi anandiyamba. Anapisa m'thumba n'kutulutsa kapepala kamene munali mapiritsi aja, n'kukakweza kuti onse aone.

"Achemwali, iwowa alibe kanthu. Mankhwala apatsa ine. Ndipo lupu ija ndinawauza ndine kuti aikitse."

A Mwanaisha anayang'ana kapepalako, anayang'ana mlongo wawo, kenako ine. Ndinadikira kupepesa, ngakhale kwa liwu limodzi.

"Nanga inu, alamu," anatero pomaliza, "mwamuna kudwala zaka zonsezi, inu osadziwa? Ndiye kuipa kwake kopita ku Nampula kumeneko."